Sukulu ya pakhonde: chaka chimene abambo awo ali ku Congo

16 Seputembala 2024

Lero ana a anzathu atsegulira sukulu, ife tatsegulira pakhonde. Ophunzira alipo awiri: mnyamata wa zaka 9, amene akanalowa Sitandade 4, ndi mlongo wake wa zaka 6, amene sanapondeko m'kalasi. Mphunzitsi ndine, amene ndinagwirako choko zaka zisanu ndisanayambe ntchito yomanga ndi kumasula katundu wa msilikali. Bolodi ndi chitseko chakale chimene abambo awo achipaka penti yakuda n'kuchitsamiritsa kukhoma. Belu ndi khasu lopanda mpini, talipachika pamtengo wa gwafa. Ndizilemba m'kope muno zimene zikuchitika, kuti chaka chikamatha ndisadzadzinamize, komanso kuti eni nyumba akadzabwera adzadziwerengere okha.

M'zaka zitatu tasamuka kawiri, kuchoka ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe kupita ku Moyale ku Mzuzu, kenako kuno ku Zomba. Thiransifa ya msilikali siyang'ana kalendala ya sukulu. Ikabwera, lole imaima pakhomo. Mnyamatayu anafika ku Mzuzu pakati pa teremu, Chitumbuka osachidziwa, n'kukhala wamanyazi chaka chathunthu. Atangochizolowera, tinanyamuka. Kuno anamulandira m'kalasi ya ana oposa 100, okhala pansi. Aphunzitsi ake sindikuwada. M'kalasi yotere ine ndinaphunzitsamo, ndikudziwa kuti mwana wofatsa wokhala kumbuyo amangoyandama ngati chikuni pamadzi. Anakhoza kupita Sitandade 4, koma nditamupatsa ndime yaifupi kuti awerenge, anayamba kulota mawu poyang'ana chithunzi cha pambali. Thebulo la 3 salidziwa.

Tinaipempherera nkhaniyi mwezi wathunthu. Abambo awo amakonda Deuteronomo 6:7, pamene akutiuza kuti mawu a Mulungu tiziwaphunzitsa ana tikakhala pansi m'nyumba, tikamayenda panjira, pogona ndi podzuka. Amati pa malo anayiwo palibe kalasi. Ndinawauza kuti vesilo asalikoke ngati legeni. Sukulu m'dziko muno anabwera nazo ndi amishoni omwewo, a Livingstonia mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo ine ndinaphunzira pa sukulu ya mishoni. Sitikuthawa tchimo kusukulu. Tikufuna mwana atole zimene zinamudutsa, ndipo tagwirizana chaka chimodzi chokha, kenako tidzaonanso.

Ndandanda wa nthawi alemba okha, ndi rula. Kudzuka 5 koloko, kusesa, mapemphero 6 koloko, phala, kenako maphunziro asanu ndi awiri a mphindi 30 lililonse mpaka 12 koloko. Pansi pake asainira.

27 Seputembala

Ndandanda wa a sajeni wafa. Unafa Lachiwiri, pamene madzi, atatha masiku awiri osatuluka, anabwera 8 koloko m'mawa. Ndani angakhale pa masamu mpopi ukutuluka? Pomaliza kudzaza migolo, Sayansi ndi Chingerezi zinali zitapita, mtsikana akulira njala.

Tsopano tsiku lililonse tili ndi zinthu zitatu zokha zoti zichitike tisanadye nsima: Mawu ndi nyimbo, kuwerenga, masamu. Zikatheka izi, tsikulo laphunziridwa. Zina zonse n'zamasana, ngati mphamvu ilipo. Chimene chapulumuka pa ndandanda wakale ndi peredi ya Lachisanu, yoyendera zikhadabo ndi makope. Anawo akuikonda. Amaima chilili pakhonde, mtsikana n'kumenya sawasha ndi dzanja lamanzere.

Poyambira pathu ndi apa. Mnyamata wawerenga tsamba limodzi la buku la Chichewa la Sitandade 3 m'mphindi 11, walakwitsa mawu 14. Mtsikana a e i o u amaziimba bwino, koma ndikaloza e yekha amayambiranso nyimbo pa a kuti akamupeze. Ndalemba malembo pa zitsekerero za mabotolo n'kuziponya m'beseni. Avuula chimodzi, atchule.

12 Okutobala

Apongozi anabwera kuchokera ku Chiradzulu kudzatsanzikana ndi mwana wawo. Anaona chitseko chakuda, anaona khasu pamtengo, n'kukhala pamkeka.

"Ndiye ana awa sukulu anaisiya?"

"Ayi amayi, akuphunzira pakhomo pano."

"Pakhomo amaphunzirapo kusinja. Boma linachotsa fizi mu 1994, inu mukubweza ana kunyumba? Ife tinkagulitsa nkhuku kuti uyu alowe m'kalasi."

Ndinalibe poyankhira. Ana awo aakazi awiri analekeza Sitandade 3 chifukwa cha fizi yomweyo, ndipo kwa iwo mwana wokhala pakhomo nthawi ya sukulu ndi mwana wa umphawi, palibenso dzina lina. Anaitana mnyamata, n'kumupatsa buku lawo la nyimbo kuti awawerengere ndime imodzi. Anapunthwa pamzere wachiwiri. Apongozi anatseka bukulo, napempha madzi akumwa.

25 Okutobala

Anyamuka. Miyezi ija ankakonzekera kumapiri a Chikala ku Machinga tinkati tazolowera, koma ku Machinga munthu amabwerako Loweruka. Apita ndi gulu la United Nations, cha ku Beni, m'chigawo cha North Kivu. Masiku awiri sitinaphunzire. Tsiku lachitatu lake ndinamva khasu likulira hafu pasiti 7, ndisanatume munthu. Mnyamata wadzipatsa yekha ntchito ya belu.

Tajambula mapu pa katoni: Malawi, Zambia, Tanzania, nyanja ya Tanganyika, nyanja ya Kivu, ndi kadontho ka Beni pamwamba.

8 Novembala

Sabata ziwiri izi zadyedwa ndi chilembo chimodzi.

Baibulo la m'nyumba muno ndi la malemu agogo awo aamuna, Buku Lopatulika lakale lachikuto chong'ambika. Ndinati mnyamata aziwerenga vesi limodzi pa mapemphero a m'mawa, tiyambire Genesis. Mawu oyamba enieniwo anamugwetsa. Palembedwa "Paciyambi". Anati "pasiyambi", kenako "pakiyambi", kenako anandiyang'ana. Ine ndawerenga Baibulo limeneli kuyambira ndili mtsikana ndipo maso anga analeka kalekale kuona kuti mulibe ch. Muli cifukwa, cikondi, cakudya. Muli mau pamene ife timalemba mawu. Linamalizidwa kumasuliridwa mu 1922, ntchito imene anatsogolera William Murray wa mishoni ya a Dutch Reformed, pamene malamulo a kalembedwe amene timaphunzitsa m'sukulu anabwera ndi Chichewa Board mu 1973. Pakati pakepo pali zaka zoposa 50.

Ndinamufotokozera, anamva, ndipo mawa lake analemba "cimanga" m'kope. Nditathetha ndi cholembera chofiira anakwiya.

"Koma m'Baibulo alemba choncho. Ndiye Baibulo lalakwa?"

Funso limeneli m'nyumba ya Chikhristu silophweka monga likumvekera. Ndikati lalakwa, ndagwetsa chinthu chimene ndikumumangira m'mawa uliwonse. Ndikati silinalakwe, cimanga chikhala. Ndinamuuza kuti agogo ake pa chithunzi cha ukwati avala buluku lotambalala kumapazi, limene lero palibe angalivale, koma agogowo ndi omwewo. Ndinamuuzanso kuti ku Zambia mpaka lero Chinyanja amachilemba ndi c, ndipo kumeneko iye akanakhoza. Izi zinamusangalatsa kuposa za buluku.

Vutoli lasanduka phunziro labwino kuposa onse amene ndinakonza. Tsiku lililonse amakopera mavesi awiri kuchoka m'kalembedwe kakale kupita m'kalembedwe ka lero. Kuti apeze c aliyense ayenera kuyang'ana chilembo chimodzichimodzi, ndipo mwana woyang'ana chilembo chimodzichimodzi sangalote mawu. Matenda ake aja a kulota akuchira ndi mankhwala amene sindinawagule.

Aneba athu a Chikatolika anatibwereka Buku Loyera, lija linatuluka mu 1998, kuti tifanizire. Pamene lathu likuti Yehova, lawo likuti Chauta. Mtsikana, amene ndinkayesa akusewera ndi zitsekerero zake, anafunsa ngati a Katolika ali ndi Mulungu wawowawo. Ndinamufunsa kuti abambo ake ine ndimawaitana bwanji, iye amawaitana bwanji, nanga kuntchito amawaitana bwanji. Anawerenga pazala mayina atatu, nati, "Koma ndi adadi omwewo." Tinalekera pomwepo.

10 Novembala

Lamulungu lokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo. Titatuluka m'mapemphero a m'mawa tinapita pa chipilala cha King's African Rifles (gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda), nsanja ya njerwa ija imene aliyense wolowa mu Zomba amaiona. Panali nkhalamba zingapo zovala mamendulo, lipenga, ndi chete wa mphindi ziwiri pa 11 koloko, amene mtsikana anamupirira mpaka kumapeto, zimene sindinayembekeze.

Anthu atabalalika, mnyamata anayamba kuwerenga mayina. Ndinamusiya. Aka kanali koyamba kumuona akuwerenga chinthu chimene sindinamutume. Pobwerera ndinawauza za nkhondo ya 1914 mpaka 1918, kuti inafika mpaka ku Karonga mu Seputembala 1914, ndi za amtengatenga amene ankasenza katundu wa asilikali pamutu, ambiri n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda. Ndinawauzanso kuti Moyale ndi tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia, kumene asilikali ochokera kuno anamenyana ndi a Italy mu 1940. Mnyamata anaima panjira. Zaka ziwiri anakhala ku Moyale akuyesa kuti ndi mawu a Chitumbuka.

20 Disembala

Teremu yoyamba yatha. Tsamba lija la mphindi 11 waliwerenga m'mphindi 6, walakwitsa mawu atatu. Mathebulo a 2, 3, 4, 5 ndi 10 alowa. Kuchotsera kobwereka kunkamuzunguza papepala, koma ndikamutuma kumsika chenji sichimusokoneza, ndiye tinatsegula okala pakhonde, ndalama zake zodula pa makatoni. Atasintha K1,000 kukhala ma K100 khumi kangapo, anaona yekha kuti kubwereka kwa m'masamu n'komweko. Tinapezerapo mwayi wodziwa nkhope za pa ndalama: Inkosi M'mbelwa II pa K20, Inkosi Gomani II pa K50, James Sangala pa K100, Rose Chibambo pa K200.

Mtsikana akuwerenga maphatikizo a malembo awiri, ba be bi, ma me mi, ndi mawu monga mutu, gule, ana. Ng'ombe ndi ngoma kwa iye zikuyamba chimodzimodzi. Sindikumuthamangitsa.

Zolephereka nazo zilembedwe. Chingerezi chatsalira, chifukwa ndimachiika masana ndipo masana ndimakhala nditatopa. Ulendo wa ku Kachulu kukaona nyanja ya Chilwa walephereka kawiri, mafuta a galimoto akusowa ndipo mtengo wa minibasi ukusintha m'mawa ndi madzulo. Botolo lathu loyezera mvula linauluka ndi mphepo ya namondwe wa Chido sabata ino, pamodzi ndi zolemba za masiku khumi zimene tinaziika pansi pake. Ndipo tsiku lina mu Novembala ndinamumenya mnyamata ndi rula padzanja chifukwa cha 4 kuchulukitsa ndi 7. Sichinali chilango, unali mkwiyo wanga wa zinthu zina. Usiku ndinakamupepesa. Mphunzitsi wa kusukulu akakwiya, mwana amathawira kwa amake. Uyu athawira kwa yani?

15 Januwale 2025

Tsiku la Chilembwe. Ndinati likhale phunziro lopepuka la tchuthi, koma landilemera.

Ndinatulutsa K2,000 n'kuwaonetsa nkhope. M'busa John Chilembwe, wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu komwe kuli agogo awo. Ndinawauza kuti anaphunzira ku America, anabwerako mu 1900, anamanga tchalitchi ndi sukulu, anadana ndi thangata. Ndinawauzanso kuti nkhondo ya 1914 itayamba analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu osauka a kuno akutengedwa kukafera nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira azungu, ndipo patangopita masiku ochepa iye anaphedwa.

Mnyamata anakhala chete, kenako anafunsa ngati mayina aja tinawerenga pachipilala ndi a anthu amene a Chilembwe ankati asapite. Ndinati ambiri mwa iwo, inde. Anafunsa kuti amene anakathamangitsa a Chilembwe anali ndani. Ndinati ena mwa iwo anali asilikali a King's African Rifles, anthu akuda okhaokha olamulidwa ndi azungu.

"Ndiye adadi akanakhalapo, akanakhala mbali iti?"

Ndinati ndikukaona ndiwo pamoto.

Madzulo ndinabwererako, chifukwa kuthawa funso la mwana m'mawa n'kumuphunzitsa zoona madzulo sizigwirizana. Tinatsegula Luka 3:14, pamene asilikali akufunsa Yohane Mbatizi kuti achite chiyani, iye n'kuwauza kuti asalande za anthu, asanamizire munthu, akhutire ndi malipiro awo. Tinawerenganso za Korneliyo pa Machitidwe 10, mkulu wa asilikali woopa Mulungu.

"Yohane sanawauze kuti asiye usilikali?"

"Sanawauze."

"Nanga a Chilembwe analakwa?"

Ine sindikuganiza kuti analakwa pa kalata ija. Ndinamuuza choncho. Ndinamuuzanso kuti msilikali amene boma la anthu ake lamutuma kukateteza anthu sali chimodzimodzi ndi amene watengedwa ndi atsamunda, koma ndikulankhula ndinkadzimva ndekha kuti mkazi wamasiye wa mu 1915 ndi wa lero amalira mofanana. Tinajambula funsolo pa WhatsApp, mnyamata akulankhula yekha. Yankho labwera, mawu a mphindi imodzi, mphepo ikuwomba kumbuyo. Akuti funso lotere silofunika kuliyankha pafoni, adzawafunsenso atakhala pansi pakhonde. Akuti kumene aliko ntchito yawo yambiri ndi kuperekeza anthu kuti akafike kuminda ndi kumsika ali amoyo. Mnyamata wamvetsera kanayi.

28 Januwale

Zigawenga za M23 zalowa mu mzinda wa Goma, kum'mawa kwa Congo. Asilikali atatu a dziko lino aphedwa pa nkhondo ya masiku apitawa. Lero ndi tsiku lachinayi foni ya abambo awo isakupezeka.

Kumalayini kuli zii. Galimoto ikaima pamsewu, makatani a nyumba zonse amagwedezeka. Ndaletsa ana kuyang'ana mafoni a anthu, chifukwa zithunzi zimene zikuyenda pa Facebook si zoti mwana aone, koma nkhani imalowa ndi pampira pomwe. Ndinatenga ulusi n'kuwayezera pa katoni yathu kuti Beni ili kutali kumpoto kwa Goma, ndipo kumene kwavutako si kumene kuli adadi. N'zoona. Chimene sindinawauze n'choti mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni komweko, mmodzi mwa iwo anali Chancy Chitete uja anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania. Akazi a asilikali tonse chaka chimenecho timachidziwa.

Mu Okutobala ndinawaloweza Salimo 91, ndipo takhala tikulinena usiku uliwonse. Dzulo mnyamata analekeza pakati, pa anthu chikwi ogwa pambali pako. Anafunsa ngati ana a asilikali atatu aja sankalinena salimoli. Ndinamuuza kuti mwina ankalinena kuposa ife.

Apa ndiye ndaona cholakwa changa. Ndinawapatsa salimo ngati chithumwa, chomangira m'chiuno mwa abambo awo kuti chipolopolo chikhote. Sindinanene choncho ndi pakamwa, koma ana amamva zimene munthu ukutanthauza. Lero tawerenga Danieli 3, anyamata atatu aja pakhomo la ng'anjo, akuuza mfumu kuti Mulungu wawo akhoza kuwalanditsa, koma ngakhale asawalanditse, fanolo salipembedza. Mawu akuti "ngakhale" ndinawalemba pachitseko. Masamu sitinachite. Madzulo kunali mlaga kunyumba ya anzathu ena amene amuna awo ali cha ku Goma kwenikweniko, abusa a asilikali anabwera, tinaimba mpaka mdima.

7 Febuluwale

Uthenga unabwera pa 30 Januwale, mawu awiri: "Ndili bwino." Mtsikana anapempha kuti awaone. Anawerenga yekha ndi, li, kenako bwi inamukanika, mchimwene wake n'kumumalizira.

Lachitatu Pulezidenti Lazarus Chakwera analamula mkulu wa asilikali kuti ayambe kukonzekera kubweza asilikali athu kuchoka kum'mawa kwa Congo. Amayi a Mvano ena abwera kale kudzandigwira chanza. Abambo awo akuti kumene aliko sanauzidwe kanthu, ntchito ikupitirira. Anawo ndawauza zomwezo, osawonjezera.

Sukulu yabwerera, koma ndasintha kachitidwe ka kulemba. Zoti "lembani ziganizo zisanu za galu wanu" ndazisiya, tilibenso galu. Lachisanu lililonse mnyamata amalemba kalata kwa abambo ake, ine n'kuijambula ndi foni n'kutumiza. Kalata yoyamba inali mizere inayi. Yachiwiri yadzaza tsamba, muli nkhani ya nkhuku imene yaswa anapiye asanu ndi awiri ndi dandaulo lakuti amayi akuchulutsa mathebulo.

14 Malichi

Makalata akuyenda. Abambo awo amayankha ndi mawu a Chiswahili atatu sabata iliyonse, ndipo ana apeza okha kuti ambiri ndi abale a mawu athu: nyumba ndi nyumba, nyama ndi nyama, moto ndi moto, mvua ndi mvula, njaa ndi njala. Mnyamata akuti Aswahili anataya l panjira. Tatsegula tsamba lakumapeto kwa kope la mawu amenewa.

Mtsikana walemba kalata yake yoyamba popanda womugwira dzanja: "adadi bwelani". Mphunzitsi wa mwa ine anafuna kukonza, poti lamulo likuti pambuyo pa e ndi i timalemba r, bwerani. Ndinaitumiza momwemo. Lamulolo ndamuphunzitsa Lolemba, pa mawu ena.

Mvula ya namondwe wa Jude itatsekera ana m'nyumba sabata ino, ana atatu a aneba anabwera kudzakhala nafe pakhonde. Mmodzi, wa Sitandade 3, ali ndi matenda omwe aja a kulota mawu. Amake abwera dzulo ndi shuga, akuti ndiziwaphunzitsa tsiku lililonse, azilipira pamwezi, ndipo alipo enanso anayi ofuna. Ndalama ndikuifuna, sindinama. Koma ndakana. Sukulu yolipiritsa imafuna kulembetsa ku unduna, ndipo ana asanu ndi anayi pakhonde limodzi ndiye kuti ndayambanso kalasi imene wofatsa amakhala kumbuyo. Tagwirizana kuti Lachitatu masana azibwera kudzawerenga, kwaulere.

Zandionetsanso china chimene ndinkachizemba. Anzakewo atabwera, mnyamata wanga anasintha nkhope. Anayamba kupikisana, kuseka, kutsutsa, kuphunzitsa mnzake za c ndi ch ngati wazitulukira yekha. Mpira wa madzulo ndi Sande sukulu ndinkati zikukwanira. Sizikukwanira. Apongozi anati mutu umodzi susenza denga, ine ndinkayesa akunena za kutopa kwanga.

Dzulo atsogoleri a SADC agwirizana zothetsa ntchito ya asilikali awo ku Congo. Anzathu a kumlaga kuja, amene amuna awo ali m'gulu la SADC, ayamba kuwerenga masiku.

26 Epulo

Isitala yadutsa, teremu yachiwiri tatseka mochedwa ndi sabata imodzi kubweza masiku a mu Januwale. Tinakwera phiri la Zomba ndi banja lina, kukaona damu la Mulunguzi kumene kumachokera madzi a mumpopi wathu. Kuchokera pamwamba nyanja ya Chilwa imaoneka ngati lata loiwalika padambo. Ndinawafunsa kuti madzi a Likangala akalowa m'menemo amatulukira kuti, poti nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mtsikana anati nsomba zimamwa. Mnyamata anaganiza nthawi yaitali, n'kukumbukira mbale ya madzi imene tinaisiya padzuwa mu Okutobala. Sayansi ya teremu yonse ndi imeneyo, ndipo sindikuchita nayo manyazi.

Chingerezi ndachisamutsira m'mawa, malo a masamu, masiku atatu pa sabata. Ndinachedwa.

4 Julayi

Ndinapempha mkulu wa mpingo wina, amene anapuma pa uhedimasitala, kuti awayese anawa ine kulibe, ndi mapepala a mayeso a Sitandade 4 ndi Sitandade 1. Mayi kuyesa mwana wake ndi kudziyesa yekha. Ndinakhala kukhitchini maola awiri ndikusenda mbatata zimene sitinkazifuna.

Mnyamata: Chichewa 78, Masamu 71, Chingerezi 44. Tsamba lija la mu Seputembala waliwerenga m'mphindi zitatu osapunthwa. Mtsikana akuwerenga ziganizo zazifupi, ng'ombe ndi ngoma wazilekanitsa, manambala amafika 100 koma 6 ndi 9 amazitembenuza akatopa.

Ahedi sanandinyengerere. Akuti 44 ameneyo ndi ngozi, chifukwa kuyambira Sitandade 5 maphunziro amayenda m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 sadzafunsa kuti mayi ake anali wotopa masana. Akuti mwanayo akufunika kumva Chingerezi kuchokera m'kamwa zambiri, osati mwanga mokha. Anafunsanso mnyamata kuti iye akufuna chiyani, funso limene ine chaka chonse sindinamufunse. Anayang'ana pansi, nati akufuna kupita kumene kuli anzake, koma makalata a Lachisanu asathe.

Tinakambirana ndi abambo awo usiku, foni ikudukaduka. Iwo ankafuna chaka china. Ndinawakumbutsa kuti tinapangana chimodzi, ndipo chimene tinkafuna chachitika. Mnyamata abwerera kusukulu mu Seputembala, Sitandade 5. Miyezi iwiri yatsalayi ndi ya Chingerezi m'mawa uliwonse, ndipo Loweruka azipita kwa ahedi aja kukacheza nawo m'Chingerezi chokhachokha, malipiro ake akuti ndi kuwathirira mbewu kudimba. Za mtsikana sitinamalize. Ine ndikuti alowe Sitandade 2 pamodzi ndi mchimwene wake, iwo akuti tidikire kaye abwere, chifukwa amva mphekesera yoti akadzangofika pakhoza kukhala thiransifa ina, ndipo kumulowetsa mwana mu Seputembala n'kumutulutsa mu Novembala ndi zomwe zija tinkathawa. Tsiku lobwerera sanauzidwebe.

Mapemphero a 6 koloko ndi mavesi awiri okopera zikhala monga zilili. Apongozi ndawaimbira foni kuwauza. Anangoti, "Mubwere naye adzandiwerengere nyimbo ija."

Mawa tipita kwa atelala kumsika kukayesa yunifomu. Ndiwauza asiye mpendero waukulu, mwanayu watalika chaka chino.